Kutsekereza Korona Pakhomo la Selo Kapena Kumugwira Atalowa Kale: Yerekezani Musanataye Ndalama

Mayi anu ali ndi shuga, amamwanso mapiritsi a BP, ndipo dzulo awapeza ndi COVID-19. M'bale wanu wa ku Johannesburg kapena ku Leeds akufunsa pa WhatsApp kuti atumize mankhwala anji. Pagulu la kumpingo wina waponya uthenga wakuti asayansi anapeza kale khomo limene kachilombo kamalowera m'thupi, ndipo piritsi lotseka khomolo lilipo. Ndalembera munthu amene waima pamphambano yotereyi, komanso azaumoyo a m'zipatala zing'onozing'ono amene amafunsidwa zomwezi. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti mliriwu sulinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboko sikanasamuke, ndipo kakugonekabe okalamba ndi odwala matenda amgonagona.

Uthenga wa pagulu uja uli ndi choona mkati mwake. Khomo lilipodi, ndipo amene amalitsegula ndi maenzayimu a m'thupi mwathu momwe. Vuto lili pa mankhwala amene anayesedwa kuti alitseke.

Zimene zimachitika pakhomo la selo

Enzayimu ndi puloteni imene ntchito yake ndi kudula kapena kusintha zinthu zina m'thupi. M'malovu muli ina imene imayamba kugaya nsima ikadali m'kamwa. Kachilombo ka SARS-CoV-2, kamene kamayambitsa COVID-19, kalibe mpeni wakewake wotsegulira selo (maselo ndi tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu), ndiye kamabwereka wathu.

Pakhungu pake pali timinga totchedwa spike. Kaminga kalikonse kali ngati msampha womangidwa ndi zingwe ziwiri, umene sungafwamphuke zonse ziwiri zisanadulidwe. Chingwe choyamba chimadulidwa ndi furin, enzayimu yopezeka pafupifupi m'maselo athu onse, ndipo imadula pamene tizilombo tatsopano tikukonzeka kutuluka m'selo limene tabadwiramo. Choncho kachilombo kamene kakuchoka m'mphuno mwa wodwala kamakhala katatcheredwa kale. Ka SARS ka mu 2003 kanalibe malo odulapo furin amenewa. Ofufuza a ku Imperial College London atachotsa malowa pa SARS-CoV-2 n'kupatsira kachilomboko tinyama totchedwa ferret, tofanana ndi likongwe, kanalephera kudumphira kwa tinzake. Mtundu wa Delta unasintha malo omwewo moti furin inkadula mosavuta kuposa kale.

Kakafika pa selo latsopano kamagwira ACE2. Iyi ndi enzayimu imene ntchito yake yeniyeni ndi kuchepetsa angiotensin II, chinthu chimene chimafinya mitsempha n'kukweza BP. Inadziwika mu 2000, ndipo mu 2003 kunapezeka kuti SARS imagwira pomwepo. Achibale a kachilomboka nawonso amakonda kukolowekera pa maenzayimu: ka MERS kamagwira DPP4, ndipo 229E, ka chimfine wamba, kamagwira aminopeptidase N.

Pa chingwe chachiwiri ndi pamene pagona nkhani, chifukwa chikhoza kudulidwa malo awiri. Ngati selo lili ndi enzayimu yotchedwa TMPRSS2 pakhungu pake, monga maselo a m'njira ya mpweya ndi m'mapapo, enzayimuyi imadula pomwepo, msampha n'kufwamphuka, khungu la kachilombo n'kuphatikana ndi la selo. Markus Hoffmann, Stefan Pöhlmann ndi anzawo a ku Göttingen ku Germany ndi amene anasonyeza zimenezi mu Malichi 2020. Ngati TMPRSS2 palibe, selo limameza kachilomboko m'kathumba, m'kathumbamo mumachuluka asidi, ndipo enzayimu ina, cathepsin L, imene imafuna asidi kuti igwire ntchito, imadula chingwecho. Nyumbayi ili ndi khomo la kumaso ndi la kuseri. Omicron, mtundu umene South Africa inadziwitsa dziko mu Novembala 2021, unaoneka m'malabotale kuti umadalira khomo la kuseri kwambiri kuposa Delta.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Funso loyamba pa njira iliyonse ndi lakuti: kodi itayesedwa pa anthu odwala, poyerekeza ndi ena amene sanalandire, inachepetsa kugonekedwa m'chipatala kapena imfa? Zimene mankhwala amachita m'mbale ya m'labotale sindikuziwerengera ngati yankho. Kenako ndikuyang'ana mtengo; kupezeka kwake; kasamalidwe, kutanthauza kamwedwe, kasungidwe ndi zoyeza zimene zimafunika; ndiponso zoopsa zake, makamaka kwa anthu amene akumwa kale ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu kapena a BP. Nthawi nayonso ndi muyeso: sabata yoyamba mdani ndi kachilombo kamene kakuswana, koma munthu akafika pobanika, nthawi zambiri chimene chikuwononga mapapo ndi chitetezo cha thupi lake chimene chalusa mopyola.

Njira yoyamba: kutseka khomo la kuseri ndi chloroquine kapena hydroxychloroquine

Mankhwalawa amachepetsa asidi m'kathumba kaja, ndiye cathepsin L imafooka. Kumayambiriro kwa 2020 anaoneka amphamvu kwambiri m'labotale, koma anayesedwa pa maselo a Vero, ochokera ku impso ya pusi, amene alibe TMPRSS2 yokwanira. M'maselo amenewo kachilombo kanali ndi khomo limodzi lokha. Gulu la ku Göttingen lija litabwereza kuyesaku pa maselo a m'mapapo a munthu mu Julayi 2020, chloroquine sanatsekereze kanthu. Kafukufuku wamkulu wa RECOVERY ku Britain anapatsa hydroxychloroquine odwala 1,561 n'kuwayerekeza ndi 3,155 amene sanalandire: pa masiku 28, omwalira anali 27 peresenti mwa olandira ndi 25 peresenti mwa osalandira. Lipoti la dokotala Didier Raoult wa ku Marseille ku France, lonena kuti hydroxychloroquine amathandiza odwala COVID-19, limene linayambitsa chiphokoso chonse, magazini imene inalisindikiza inadzalichotsa mu Disembala 2024.

Mtengo: wotsika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake anthu amakopeka nawo.

Kupezeka: akuluakulu amawadziwa bwino. Malawi inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993, n'kuyamba SP. Hydroxychloroquine ndi wofunika kwa odwala lupus ndi nyamakazi ya mtundu wa rheumatoid, ndipo mu 2020 anthu amenewa anavutika kuwapeza m'mayiko ambiri chifukwa ena anawagula n'kuunjika.

Kasamalidwe: ndi mapiritsi wamba osafuna firiji, koma mlingo waukulu umafuna kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG, amene kunyumba kulibe.

Zoopsa: amasokoneza kagundidwe ka mtima, makamaka akaphatikizidwa ndi azithromycin. Ku Manaus ku Brazil ofufuza anaimitsa mlingo waukulu wa chloroquine pachifukwa chimenechi. Mapiritsi ochepa chabe akhoza kupha mwana wamng'ono amene wawatola. Kuyabwa kuja kumene ambiri timakukumbukira ndi kochepa poyerekeza ndi izi. Njira iyi musaitsate.

Njira yachiwiri: kutseka khomo la kumaso ndi camostat kapena nafamostat

Iyi ndi njira imene ine ndinkaiyembekezera kwambiri, chifukwa nzeru yake inali yolunjika. Camostat ndi piritsi limene ku Japan akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pa kutupa kwa kapamba (pancreas), ndipo limafooketsadi TMPRSS2. Mbewa zimene anazichotsa enzayimuyi zimakula bwinobwino, kusonyeza kuti thupi likhoza kupirira itatsekedwa. Koma ku Denmark atayesa camostat pa odwala 205 ogonekedwa m'chipatala, mamiligalamu 200 katatu patsiku kwa masiku 5, olandira sanachire msanga kuposa anzawo. Ku America anamuyesanso pa odwala a kunyumba mu kafukufuku wa ACTIV-2, ndipo phindu silinaoneke. Zifukwa zimene akatswiri amaganizira ndi zitatu: camostat amasweka msanga m'magazi moti wofika m'mapapo ndi wochepa, odwala amabwera kachilombo kataswana kale, ndipo khomo la kuseri limakhala lili pululu.

Nafamostat ndi wamphamvu kuposa camostat m'labotale. Kafukufuku wamng'ono wa ku Edinburgh sanapeze phindu, ndipo ena anapeza zizindikiro zosakwanira kuti mankhwalawa alowe m'malangizo a WHO.

Mtengo: camostat si wodula kumene amapangidwa, koma kuitanitsa kuchokera ku Asia kudzera mwa ogulitsa a pa intaneti kumawonjezera ndalama, ndipo simudziwa chimene chili m'paketi.

Kupezeka: ku Japan ndi ku South Korea. Ku Britain ndi ku America camostat sanalembetsedwe ngati mankhwala ogulitsa, choncho m'bale wanu sangakamupeze kufamase ya kumeneko.

Kasamalidwe: camostat amamwedwa katatu kapena kanayi patsiku. Nafamostat amatha m'magazi pa mphindi zowerengeka, ndiye amafuna diripi yoyenda usana ndi usiku, komanso kuyeza magazi pafupipafupi.

Zoopsa: nafamostat amakweza potaziyamu m'magazi, zimene zingaimitse mtima, ndiponso amachedwetsa kuundana kwa magazi. Camostat savuta kwambiri m'thupi. Choopsa chake ndi chakuti masiku 5 oyambirira, amene mankhwala othandiza akanagwira ntchito, amatha munthu akudalira chinthu chosathandiza.

Pali achibale awiri a njira imeneyi amene mungamve. Bromhexine, wopezeka m'mankhwala ambiri a chifuwa, ankanenedwa kuti amatseka TMPRSS2, koma atamuyesa pa enzayimu yeniyeniyo sanaitseke. Mumwereni makhololo basi. Enanso anaganiza zochepetsa TMPRSS2 ndi mankhwala a khansa ya prostate, popeza mahomoni achimuna amaichulukitsa. Ku Sweden kafukufuku wa enzalutamide anaimitsidwa msanga chifukwa olandira ankakhalitsa m'chipatala.

Njira yachitatu: furin, ACE2 ndi nkhani ya mapiritsi a BP

Pa furin ndidutsa mwachangu. Mankhwala oitseka alipo m'malabotale okha. Furin imakonza mapuloteni athu ambirimbiri, kuphatikizapo mahomoni ndi zothandiza magazi kuundana, ndipo mbewa yopanda furin imafera m'mimba. Pa ACE2, kampani ya Apeiron Biologics ya ku Vienna inapanga ACE2 yoyandama m'magazi, APN01, kuti kachilombo kazigwira iyo m'malo mwa selo. Inayesedwa pa odwala osakwana 200 ndipo sinafike pamsika. Choncho pa mtengo, kupezeka ndi kasamalidwe palibe choyerekeza: wokugulitsani chinthu chimene akuti chimatseka furin kapena ACE2 akukuberani.

Zoopsa zenizeni pano zinabwera ndi mphekesera. Mu Malichi 2020 kunamveka kuti enalapril, captopril ndi losartan amachulukitsa ACE2, ndiye amatsegulira kachilombo khomo, ndipo anthu ena anasiya kumwa. Enalapril ndi captopril amagwira ACE, enzayimu ina yosiyana ndi ACE2 ngakhale mayina akufanana. Ku Brazil kafukufuku wa BRACE CORONA anagawa odwala 659, ena kupitiriza mapiritsi awo, ena kusiya kwa masiku 30, ndipo sipanaoneke kusiyana. Kusiya mapiritsi a BP kumaika munthu pangozi ya sitiroko popanda chimene wapindula. Mbali inayo, kuyambitsa mankhwalawa kwa wodwala COVID-19 wa kayakaya amene sankamwa kale kunaoneka mu kafukufuku wa REMAP-CAP kuti mwina kumawonjezera imfa. Dokotala yekha ndi amene angawaimitse, ngati BP yatsika kwambiri kapena impso zayamba kuvuta.

Njira yachinayi: Paxlovid, kugwira enzayimu ya kachilombo komweko

Kakalowa m'selo, kachilombo kamapanga puloteni imodzi yaitali imene kayenera kuiduladula kuti kaswane, ndipo apa kamagwiritsa ntchito mpeni wakewake, enzayimu yotchedwa Mpro. Thupi lathu lilibe enzayimu yodziwika yodula mofanana nayo, ndiye nirmatrelvir, mankhwala aakulu a mu Paxlovid, akhoza kuitseka osakhudza zathu. Kalowere kumaso kapena kuseri, kachilombo kayenera kudutsa apa. Mu kafukufuku wa EPIC-HR, pa anthu osabaya katemera amene anali pachiopsezo chachikulu, kugonekedwa kapena kumwalira kunatsika ndi 89 peresenti kwa oyamba mankhwala pasanathe masiku 3, ndi 88 peresenti kwa oyamba pasanathe masiku 5. Kwa anthu opanda chiopsezo chachikulu, kafukufuku mnzake wa EPIC-SR sanapeze phindu looneka. WHO inawavomereza mwamphamvu mu Epulo 2022 kwa amene ali pachiopsezo chachikulu chogonekedwa.

Mtengo: boma la America linkagula pa madola pafupifupi 530 mlingo wa munthu mmodzi, ndipo kumapeto kwa 2023 Pfizer inaika mtengo wa pamsika wa madola 1,390. Koma mu Novembala 2021 kampaniyi inalola kudzera ku bungwe la Medicines Patent Pool kuti makampani ena apangire mayiko 95, ndipo Clinton Health Access Initiative inagwirizana ndi opanga ena mtengo wosapitirira madola 25. WHO inavomereza wopangidwa ndi Hetero ya ku India mu Disembala 2022.

Kupezeka: Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa anali m'gulu la mayiko 10 a ntchito ya COVID Treatment Quick Start imene inayamba mu 2022, ndipo Zambia ndi imene inayamba kulandira. Funsani kuchipatala cha boma kapena chachikulu chimene muli nacho pafupi tsiku lomwe zotsatira zatuluka. Phukusi lochokera kunja kawirikawiri limafika masiku 5 atadutsa. Ngati mukugula kufamase, onetsetsani kuti mankhwalawo ndi olembetsedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala, PMRA ku Malawi kapena ZAMRA ku Zambia.

Kasamalidwe: mapiritsi atatu m'mawa, atatu madzulo, kwa masiku 5, onse pamodzi 30. Awiri ndi nirmatrelvir wa mamiligalamu 150, limodzi ndi ritonavir wa 100. Safuna firiji. Wa impso zofooka amafunika mlingo wochepa, choncho kuyeza impso n'kofunika kwa okalamba ndi odwala shuga. Tengani mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndi a zitsamba omwe, mukawaonetse dokotala.

Zoopsa: apa enzayimu ya m'thupi mwathu ikubweranso. Ritonavir, yemwe amene ali m'ma ARV ena, amaikidwamo kuti atseke CYP3A4, enzayimu ya m'chiwindi imene ikanaphwanya nirmatrelvir msanga. Koma enzayimu yomweyo ndi imene imaphwanya mankhwala ena ambiri, ndipo ikatsekedwa iwo amaunjikana m'magazi. Simvastatin wochepetsa mafuta m'magazi ndi amiodarone wa mtima sayenera kukumana ndi Paxlovid. Amlodipine wa BP amakwera mphamvu, ndipo dokotala angachepetse mlingo. LA wa malungo amafunanso kusamala. Mbali inayo, rifampicin wa TB, ndi carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital a khunyu, amachulukitsa enzayimu ija moti Paxlovid amatha mphamvu. Kuwasiya lero sikuthandiza, chifukwa chiwindi chimatenga masabata kuti chibwerere mwakale, ndiponso mankhwala a TB ndi a khunyu sadukizidwa. Amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir amapitiriza monga mwa masiku onse. Ambiri amadandaula kuwawa m'kamwa ngati anyambita chitsulo, ena kutsegula m'mimba, ndipo kwa ena zizindikiro zimabwerera kwa masiku angapo akamaliza.

Njira yachisanu: remdesivir ndi molnupiravir

Onse awiri amalimbana ndi enzayimu ina ya kachilombo, imene imakopera chibadwa chake. Remdesivir amaimitsa kukoperako. Molnupiravir amachititsa kuti kukoperako kudzaze zolakwika mpaka ana a kachilomboko akhale opanda ntchito. Mphamvu zawo n'zosiyana kwambiri. Mu kafukufuku wa PINETREE, pa odwala 562 a kunyumba, remdesivir wa masiku 3 anachepetsa kugonekedwa kapena imfa ndi 87 peresenti. Molnupiravir anachepetsa ndi pafupifupi 30 peresenti mwa osabaya katemera, ndipo ku Britain, mu kafukufuku wa PANORAMIC wa anthu oposa 25,000 amene ambiri anali obaya, sanachepetse kugonekedwa, ngakhale anthu ankati achira msanga ndi masiku pafupifupi 4.

Mtengo: mu 2020 Gilead inaika madola 390 kabotolo kamodzi ka remdesivir kwa maboma a mayiko olemera, ndipo mlingo wa masiku 3 umafuna timabotolo 4. Opangidwa ku India, Pakistan ndi Egypt ndi otsikirapo kwambiri. Molnupiravir boma la America linkagula pa madola pafupifupi 700, koma wa ku India amatsika mpaka madola makumi ochepa.

Kupezeka: remdesivir ndi wa m'zipatala zazikulu. Molnupiravir analoledwa kupangidwira mayiko 105, koma ku European Union akatswiri anakana kumuvomereza mu 2023.

Kasamalidwe: remdesivir ndi diripi kamodzi patsiku masiku 3 otsatizana, kuyamba pasanathe masiku 7, ndiye muwerengere thiransipoti ya maulendo atatu ndi wodwala wopatsirana. Molnupiravir ndi makapisozi 4 m'mawa, 4 madzulo, kwa masiku 5.

Zoopsa: remdesivir akhoza kuvutitsa chiwindi, ndipo saphatikizidwa ndi chloroquine chifukwa angamuchepetse mphamvu. Molnupiravir saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena kwa wosakwana zaka 18, ndipo amuna ndi akazi omwe amalangizidwa kulera pomwa ndi kwa kanthawi akamaliza. Ubwino wake waukulu ndi wakuti sadziwika kuti amalimbana ndi mankhwala ena.

Njira yachisanu ndi chimodzi: dexamethasone ndi baricitinib kwa wobanika

Baricitinib ali ndi mbiri yophunzitsa. Mu Febuluwale 2020 anatchulidwa koyamba chifukwa amatseka AAK1, enzayimu imene imathandiza selo kumeza zinthu, ndiye ankaganiza kuti atchinga khomo la kuseri. Anathandizadi odwala, koma phindu lake limafotokozedwa kwambiri ndi maenzayimu ena athu amene amatseka, JAK1 ndi JAK2, amene amakoleza moto wa chitetezo cholusa. Mu RECOVERY imfa zinatsika ndi 13 peresenti, ndipo WHO inamuvomereza mu Januwale 2022 kwa odwala kwambiri, pamodzi ndi mankhwala a gulu la dexamethasone. Dexamethasone yekha, monga RECOVERY inalengezera pa 16 Juni 2020, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu kwa opumira makina, ndi limodzi mwa asanu kwa olandira okosijeni.

Mtengo: dexamethasone ndi wotchipa zedi. Baricitinib wa Eli Lilly ndi wodula, wa ku India ndi ku Bangladesh ndi wotsikirapo.

Kupezeka: dexamethasone amapezeka ngakhale m'zipatala za m'maboma. Baricitinib ndi wosowa.

Kasamalidwe: dexamethasone mamiligalamu 6 patsiku mpaka masiku 10, baricitinib mamiligalamu 4 patsiku mpaka masiku 14, kuchepetsa ngati impso zafooka. Zonsezi ndi za m'chipatala, shuga akuyezedwa tsiku ndi tsiku.

Zoopsa: onse amafooketsa chitetezo, choncho TB yogona ikhoza kudzuka. Dexamethasone amakweza shuga kwambiri. Kwa wodwala wosafuna okosijeni sanathandize, ndipo panali chizindikiro chakuti angavulaze. Zimandidetsa nkhawa kuona anthu akumugula okha tsiku loyamba la chimfine, nthawi imene thupi likufunika chitetezo chake chonse.

Njira yachisanu ndi chiwiri: katemera

Pa njira zonse zotchinga pakhomo, iyi ndi imene inagwira ntchito pa anthu ochuluka, ndipo imatero osakhudza enzayimu yathu iliyonse. Thupi limaphunzira maonekedwe a spike n'kupanga asilikali amene amaphimba malo ogwirira ACE2. Kachilombo kakalephera kugwira, makomo onse awiri alibe ntchito.

Mtengo: m'zipatala za boma wakhala waulere.

Kupezeka: Malawi inalandira katemera woyamba wa AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera ku COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera, pa 5 Malichi 2021, pasanathe miyezi iwiri nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi. COVAX inatsekedwa kumapeto kwa 2023 ndipo AstraZeneca inasiya katemera wake mu 2024, choncho funsani kuchipatala mtundu umene ulipo panopa. Ku Britain amaperekedwa nyengo ndi nyengo kwa okalamba ndi ofooka chitetezo.

Kasamalidwe: amafuna firiji, ndipo wa Pfizer poyamba ankafuna kuzizira kwa madigiri pafupifupi 70 pansi pa ziro. Amathanso nthawi: mu Meyi 2021 Malawi inawotcha katemera 19,610 wotha ntchito. Chitetezo choletsa kutenga kachilombo chimachepa pakapita miyezi, ndipo spike imasinthasintha, koma choletsa kudwala kwambiri chimakhalitsa. Okalamba amafunika kubwereza.

Zoopsa: kupweteka mkono ndi kutentha thupi tsiku limodzi kapena awiri. Mwa apo ndi apo, kuundana kwa magazi ndi AstraZeneca kapena Johnson & Johnson, ndi kutupa kwa mnofu wa mtima mwa anyamata ndi katemera wa mtundu wa mRNA, monga wa Pfizer. Katemera sachiza munthu amene wadwala kale.

Njira iti kwa ndani

Ngati simunadwale koma muli ndi zaka zoposa 60, shuga, matenda a mtima, a impso, kapena HIV imene sinagonje ku mankhwala, yambani ndi katemera, ndipo dziwiranitu chipatala chimene chimayeza COVID-19 ndi kusunga mankhwala ake. Lembani pakapepala mayina a mankhwala onse amene mumamwa, kazikhala m'buku lanu la kuchipatala.

Mayi aja a shuga ndi BP, ngati zizindikiro sizinapitirire masiku 5 ndipo akupuma bwino, Paxlovid ndiye woyamba kufunsa. Enalapril kapena losartan wawo apitirize. Ngati akumwa amlodipine kapena simvastatin, dokotala adziwe asanalembe. M'bale wa kunja uja angathandize kwambiri potumiza ndalama ya thiransipoti ndi yoyezera impso lero lomwe, ndiponso kachipangizo kopanira chala koyezera okosijeni.

Wodwala TB amene ali pa rifampicin, kapena wa khunyu amene ali pa carbamazepine, phenytoin kapena phenobarbital, Paxlovid si wake. Dokotala asankhe pakati pa remdesivir ndi molnupiravir, ndipo mankhwala a TB kapena a khunyu asadukize ngakhale tsiku limodzi. Mayi woyembekezera apewe molnupiravir, akambirane ndi dokotala za remdesivir kapena Paxlovid.

Wachinyamata wathanzi, wobaya katemera kapena amene anadwalapo kale, sapindula kwenikweni ndi mankhwala odulawa. Apume, amwe madzi ambiri ndi panado, ndipo atalikirane ndi agogo mpaka atachira.

Amene akupuma mobanika, milomo yasintha mtundu, akusokonezeka mutu, kapena kachipangizo kaja kakusonyeza 92 kapena kutsika, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Pamenepo chofunika ndi okosijeni ndi dexamethasone, ndi baricitinib ngati chipatalacho chili naye. Camostat ndi nafamostat alandiridwe pokhapokha ngati wodwala walowa mu kafukufuku wovomerezeka, atamufotokozera bwino n'kusayina yekha, ndipo chloroquine amene watsala m'kabati mumutengere kufamase kuti akatayidwe ana asanamupeze.